Kabuku Kamene a Wendell Anakolezera Moto

A Wendell Sorvik anali ndi njira imodzi yokha yofikira kwa akazi awo, ndipo njirayo inali basi nambala 7. Inkatsika m'chigwa cha Tolliver m'mawa, kudutsa pachipata pawo, n'kukafika m'tauni ya Port Marlow patapita ola lathunthu; madzulo inkawabweza. M'tauni mmenemo, m'nyumba yosamalirako okalamba, ndi mmene munali a Arlene, amene anakhala nawo pabanja zaka makumi asanu ndi ziwiri. Matenda oiwala anali atawalanda mayiwo pafupifupi chilichonse, kupatula nkhope ya amuna awo. Nkhopeyo ankaizindikira chifukwa inkabwera katatu pa mlungu: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anamwino ananena mosabisa mawu kuti ikadzasowa kwa milungu iwiri kapena itatu, nayonso idzafufutika monga zinafufutikira zina zonse.

Galimoto anali nayo, inde. Pikapu yakale yobiriwira inaima pansi pa mtengo wa mkungudza kuseri kwa nyumba, ndere zitayamba kumera m'mphepete mwa magalasi. Koma chichokereni tsiku limene anakomoka ali pachiwongolero n'kukathera m'ngalande, adokotala anawaletsa kuyendetsa, ndipo zaka ziwiri zinali zitadutsa. Komabe chaka ndi chaka ankailipirira msonkho, n'kumata kasitika katsopano kosonyeza kuti alipira pa nambala yake yakumbuyo. Kusiya kulipira kukanakhala kuvomereza kuti sadzayendetsanso, ndipo mawu amenewo mtima wawo unali usanakonzeke kuwanena.

Mwezi wa Okutobala uli pakati, mvula yowaza itatseka mapiri, makalata atatu anafika motsatizana m'bokosi lawo la pamsewu. Yoyamba inali yowakumbutsa za msonkho wa galimoto. Yachiwiri inali kabuku ka ovota, kamene boma limatumiza khomo ndi khomo chisankho chikayandikira. Yachitatu inali envulopu ya chikalata chovotera, pakuti kuno ku Washington, m'dziko la America, munthu amachonga ali patebulo pake, kusainira kunja kwa envulopu, n'kukaiponya m'bokosi la zisankho.

Kale kabuku kameneka kanali ndi mwambo wake m'nyumba ya a Sorvik. A Arlene, amene anagwira ntchito ya ukalaliki pa sukulu ya m'chigwamo, ankaphika chitumbuwa cha maapozi, kuthira khofi m'makapu awiri, n'kuwerenga kabuku konse mokweza, tsamba ndi tsamba, pensulo yofiira ili m'manja. A Wendell, munthu amene anasiya sukulu ali wamng'ono n'kukalowa ntchito yocheka matabwa, ankamvetsera akudandaula kuti khofi akuzizira. Akatambasula dzanja kuti atenge cholembera, mayiwo ankawamenya pa zala ndi pensulo ija.

"Sitichonga tisanawerenge, a Wendell," ankatero.

Tsopano panalibe wowamenya pa zala. M'nyumbamo munkamveka wotchi ya pakhoma ndi kulira kwa firiji basi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Gwen, anali kutali ku Arizona, ndipo ankaimba foni Lamlungu. M'mawa wina kukuzizira, nkhuni zitakana kugwira, a Wendell anayang'ana uku ndi uku, naona kabuku kaja patebulo. Anakang'amba, kukafinyafinya, n'kukaponya m'mbaula. Moto unagwira nthawi yomweyo.

Utsi usanathe, panja panamveka hutala. Anali a Merle Tackett, mnansi wawo wa tsidya la mtsinje, amene ankanyamula mitengo pa lole ndipo ankawabweretsera nkhuni chaka chilichonse nyengo yozizira ikayandikira.

"Odi kuno! Nkhalamba idakali moyo, kapena ndiitane abusa?"

"Ndidzakukwirirani ndine, achimwene," anayankha a Wendell akutsegula chitseko. "Nkhuni zanu zija n'zonyowa ngati siponji. Mumazitola mumtsinje?"

"Zaulere mukufunanso zouma? Thirani khofi apa, musandinyoze ndili wouma kukhosi."

Atakhala pansi, a Merle anaona chikalata chovotera patebulo, nachigogoda ndi chala chawo chonenepa.

"Funso loyambali, madala, musachite nalo chibwibwi. Chongani Inde. Ine magalimoto atatu: lole, pikapu, ndi ka amayi kunyumba kaja. Iliyonse akuidula. Atiyamwa mokwanira anthu amenewa. Nanga inu? Mukulipirira galimoto imene mukugona agologolo!"

"Muisiye galimoto yanga. Ikupuma."

"Ikupuma zaka ziwiri? Imeneyo yafa, yangotsala nyimbo."

A Merle atapita, a Wendell anavala magalasi n'kuwerenga funsolo. Linali lalifupi, la mizere itatu: kodi msonkho woonjezera wa madola makumi awiri, umene boma laling'ono la dera lino limatenga pa galimoto iliyonse chaka ndi chaka, uchotsedwe? Anayang'ana kalata ya msonkho ija, nayang'ananso pawindo pomwe panaima pikapu. Ndani angakane kuti amuchepetsere katundu pamutu? Anachonga Inde, namata envulopu, nasainira, naiika m'thumba la jekete kuti akaiponye Lachisanu.

Lachisanu basi inafika nthawi yake. Munali anthu asanu: mayi wina wodwala impso wopita kuchipatala kukasefetsa magazi, atsikana awiri ogwira ntchito kufakitale ya nsomba, ndi anthu awiri ogona. Woyendetsa anali mayi Ramona Quillen, amene anayendetsa basi pa msewu umenewu zaka khumi ndi chimodzi ndipo ankadziwa dzina la galu wa khomo lililonse.

"Bambo Sorvik! Mwapesa mpaka tsitsi lero. A Arlene akachita nsanje, akaganiza kuti mwapeza wina."

"Wina andifuna ndani, mwanawe? Mano ndinasiya m'kapu." Anakhala pampando wawo wa masiku onse, kumbuyo kwa dalaivala, nasisita thumba la jekete. "Lero ndikukagwira ntchito ya boma. Ndavota kale. Tikuuchotsa msonkho uja wa magalimoto."

Mayi Ramona anayang'ana pagalasi la pamwamba, maso awo n'kukumana ndi a nkhalambayo, kenako anabwezera maso kumsewu.

"Bambo Sorvik, ndili pa ntchito, ndipo ndavala yunifolomu. Lamulo silindilola kuuza munthu pochonga, ngakhale atakhala bambo anga ondibereka. Koma kufunsa lokha ndifunse. Kabuku kaja munawerenga?"

"Kanayaka bwino kwambiri," anatero a Wendell akuseka. "Boma likanamatumiza tiwiri."

Anayembekezera kuti mayiwo aseka nawo, poti anali munthu wosachedwa kuseka. Koma sanaseke. Ulendo wonse wotsalawo munkangomveka zopukutira galasi zikupita uku ndi uku.

Bokosi la zisankho linali pafupi ndi siteji, koma mvula inali itakula, choncho a Wendell anaganiza zoyamba akaona akazi awo. Anawapeza atakhala pawindo, bulangete lili pamiyendo, akuyang'ana mbalame za kunyanja. Tsikulo dzina la amuna awo silinabwere, koma nkhope anaizindikira. Anamwetulira natambasula manja kuti awakonze kolala, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka makumi asanu. Pokonza kolalayo, zala zawo zinakhudza envulopu imene inatulukira m'thumba. Anaisolola, naitembenuza, naiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anayankhula ndi mawu omveka bwino, mawu amene a Wendell anali asanawamve kwa miyezi yambiri.

"Tawerenga kale?"

A Wendell anatsegula pakamwa kuti aname, koma bodza linakana kutuluka.

"Ayi, mayi. Sitinawerenge."

"Sitichonga tisanawerenge," anatero a Arlene, nawamenya pang'ono pa zala ndi envulopuyo.

Zinathera pomwepo. Maso awo anabwerera ku mbalame, ndipo patapita kanthawi anafunsa ngati sitima ya bambo awo yafika, bambo amene anamwalira kalekale. A Wendell anakhala nawo mpaka nthawi ya chakudya, atagwira dzanja lawo.

Atatuluka anapita pa bokosi lija. Linali lachitsulo, loyera, lokhala ndi kakamwa kakang'ono. Analowetsa envulopu theka, naima. Mvula inkawadonthera m'khosi. Anakumbukira maso a mayi Ramona pagalasi, anakumbukira kuwawa pang'ono kwa pa zala. Anaisolola, naibwezera m'thumba, nayamba kukwera chitunda chopita ku ofesi ya zisankho, akupuma pa ngodya iliyonse.

Pa kauntala panali mayi wina wa tsitsi la imvi, dzina lake litalembedwa pachifuwa: Okada.

"Tikuthandizeni, bambo?"

A Wendell anavula chipewa. "Mayi, ndabwera kudzaulula tchimo. Kabuku kanu kaja ndinakolezera moto."

Mayi Okada anaseka. "Si inu oyamba. Ena amayalira mbalame m'khola, ena amapukutira magalasi. N'chifukwa chake timasindikiza tambiri." Anatenga kena pa mulu, nakatsegula. "Khalani apa. Onani: pa chikalata chovotera funso limakhala lalifupi, chifukwa malo ndi ochepa. Limangonena chimene chichotsedwe. Silinena zonse zimene chinthucho chimanyamula. Zimenezo zili muno. Funso lililonse lili ndi zigawo zitatu. Choyamba, mmene lamulo lilili lero. Chachiwiri, kumene ndalamazo zimapita ndi chimene chidzasinthe. Chachitatu, mawu a mbali zonse ziwiri: ofuna Inde alemba zawo, ofuna Ayi alemba zawo, ndipo aliyense wayankha mnzake."

"Nanga inuyo mukuti ndichonge pati?"

"Zimenezo ayi, bambo. Ine ntchito yanga ndi kukupatsani nyali. Njira musankha nokha."

A Wendell anavala magalasi, naika chala pansi pa mzere woyamba, nayamba kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Msonkho woonjezerawo, kabukuko kanatero, sumapita ku likulu. Umatsala m'dera momwemo, ndipo umagwira ntchito zitatu: kukwirira maenje m'misewu ya kumidzi, kukonza milatho ing'onoing'ono, ndi kuyendetsa mabasi a kunja kwa tauni. Ukachotsedwa, ndipo pakapanda kupezeka ndalama zina, kukonza milatho kudzachedwa, ndipo basi nambala 4 ndi basi nambala 7 zidzaleka kuyenda kuyambira mwezi wa Epulo.

Chala chinaima pa nambalayo. Anawerenganso, kuopa kuti mwina magalasi awanamiza. Nambala inali yomweyo.

"Nambala 7," anatero ndi mawu otsika. "Imeneyo ndi miyendo yanga, mayi. Akazi anga ali kumusi kuno, ine ndili ku Tolliver, mamailosi makumi atatu. Ndikasowa milungu itatu sadzandidziwanso." Anatulutsa envulopu ija. "Ndipo ndachonga ndekha, ndi dzanja langali, kuti ichoke. Ndithu safunsa anadya phula."

"Mwaponya kale ina m'bokosi?"

"Ayi. Ndi yomweyi. Inalowa theka."

"Ndiye simunadye phulalo, mwangolinunkhiza," anatero mayi Okada. "Mukanaiponya, akanakhala madzi otayika, voti ikalowa m'bokosi sibwerera. Koma poti idakali m'manja mwanu, iyi tiiononga, ndikupatsani chikalata chatsopano. Ndipo mudziwe: mukalakwitsa pochonga musanamate envulopu, mumangodula mzere pa yankho lolakwikalo n'kuchonga limene mukufuna. Malangizo ake alembedwa pamwamba pa chikalatacho."

Anawapatsa chikalata chatsopano ndi cholembera. A Wendell anachiyang'ana cholemberacho, napukusa mutu.

"Ayi. Ndawerenga tsamba limodzi lokha. Eni mwambo angandimenyenso pa zala."

Loweruka ndi Lamlungu lonse anakhala patebulo la kukhitchini, kabuku kali patsogolo, khofi akuzizira popanda womudandaula. Mpando wa a Arlene unali pomwepo, wopanda munthu. Anawerenga mawu a ofuna Inde, napeza kuti sanali opusa: ananena za mabanja a malipiro ochepa amene sangafike kuntchito popanda galimoto, ndi kuti msonkhowo umadula mofanana wolemera ndi wosauka. A Wendell anagwedeza mutu, poti umphawi ankaudziwa. Anawerenga mawu a ofuna Ayi, amene anafunsa kuti okalamba, odwala ndi opanda galimoto adzayenda bwanji. Anaika zonse pa sikelo ya mtima wawo. Gwen ataimba foni, anadabwa kumva bambo ake akuyankhula mphindi makumi awiri osatchula nyengo.

Lolemba anapita nako kabukuko kwa a Arlene, nawawerengera mokweza, akupunthwa pa mawu aatali. Mayiwo anagona asanafike pakati, koma dzanja lawo linagwirabe mkono wa jekete. A Wendell anawerenga mpaka kumapeto. Atatha anachonga Ayi, namata, nasainira, ndipo pobwerera kusiteji anaiponya envulopuyo m'bokosi, yonse.

Koma voti imodzi ndi imodzi basi. M'chigwa cha Tolliver munali makomo oposa zana, ndipo a Wendell ankadziwa bwino kuti mbaula zambiri zinayaka ndi pepala lomwelo. Lachiwiri m'mawa anatenga ndodo, nawoloka mlatho wamatabwa, nakafika kwa a Merle, amene anawapeza atagona pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Tulukani, achimwene, ndikuwerengereni kalata."

"Mwayamba ulaliki wa khomo ndi khomo? Ine ndinabatizidwa kale." A Merle anatuluka akupukuta manja. Ataona kabukuko anakwinya nkhope. "Aa, zimenezo. Madala, basi imeneyo ndimakumana nayo tsiku ndi tsiku. Imangonyamula mpweya."

"Mpweya umenewo ndine," anatero a Wendell.

A Merle anasiya kupukuta manja.

"Ndine, ndi mayi Pruitt amene amakasefetsa magazi, ndi ana awiri a kufakitale ya nsomba. Tilipo ochepa, n'zoona. Koma tikatsika m'basimo sitikwera china."

"Ndikhoza kumakuperekezani ine. Ndinayamba ndakukanizani kanthu?"

"Simunayambe. Koma katatu pa mlungu, chaka chonse, ngakhale nyengo yodula mitengo pamene mumachoka kusanache? Mudzatha mwezi umodzi, wachiwiri mudzayamba kubisala mukandiona pachipata, ndipo ine sindidzakuimbani mlandu." Anatsegula kabukuko. "Ndiponso mlatho umene ndawoloka uja, umene mumadutsapo ndi mitengo, ukulira ngati chitseko chakale. Uli pa tsamba ili."

A Merle anakanda m'ndevu. "Komabe magalimoto atatu ndi atatu. Mukuona ngati ndalama ndimathyola mumtengo?"

"Ayi, ndipo mawu anuwo alembedwanso muno, tsamba lotsatira, bwino kuposa mmene mukunenera inuyo. Sindinabwere kudzapempha voti yanu, a Merle. Voti ndi yanu. Ndabwera kudzapempha maso anu. Muwerenge, kenako muchonge chimene mtima wanu wanena."

"Kabuku kathu amayi anayalira mphaka," anatero a Merle motsitsa mawu.

"Ndinadziwa. Ndatenga tinayi."

A Merle anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anayang'ana nkhalamba yoonda imene inayenda mtunda wonsewo ndi ndodo, mumvula.

"Loweruka masana kuholo ya alimi kuli chakudya cha pamodzi," anatero. "Anthu akakhuta sathawa msanga. Mukawerenge kumeneko. Koma mbali zonse ziwiri, mwamva? Mukadumpha yathu ndikutsitsani pa nsanja ndi manja angawa."

Loweruka m'holomo munali anthu ngati makumi anayi. Mbale zitachotsedwa, a Merle anamenya supuni pa kapu nati, "Tamverani, anthu inu! Nkhalamba iyi yaphunzira kuwerenga chaka chino, tiyeni tiilimbikitse." Anthu anaseka. A Wendell anaimirira mwamantha, pakuti chibadwire anali asanayankhulepo pagulu. M'thumba la malaya munali pensulo yofiira ya a Arlene.

"Ine si wandale," anayamba motero. "Kabuku aka ndinakolezera moto, monga ambiri a inu. Musayang'ane pansi, utsi ndinauona." Anthu anasekanso, ndipo mantha anawachokera pang'ono. Anawerenga mmene lamulo lilili, anawerenga kumene ndalama zimapita, anawerenga mawu a Inde onse osadumpha ngakhale limodzi, kenako mawu a Ayi. Zinawatengera nthawi yaitali, ndipo palibe anawafulumizitsa.

Atamaliza, mkangano unabuka. Mlimi wina anati boma liyambe lachepetsa malipiro a mabwana ake lisanagwire m'thumba mwa anthu. Mayi wina anati iye ankaganiza kuti ndalamazo zimapita kukamanga misewu ya m'mizinda ikuluikulu, sankadziwa kuti n'zimene zimakwirira dzenje la pakhomo pake. Wina anafunsa ngati munthu amene wachonga kale angasinthe, ndipo a Wendell anafotokoza zimene anaphunzira kwa mayi Okada: ngati envulopu sinalowe m'bokosi, njira ilipo. Ena anatuluka ali ndi maganizo omwe analowa nawo. Koma timabuku tonse timene a Merle anakatenga kutauni tinatha patebulo.

Tsiku la chisankho linafika, Lachiwiri la kumayambiriro kwa Novembala, ndipo linadutsa. Poti mavoti a papositi amafika pang'onopang'ono, kuwerenga kunatenga masiku. Tsiku loyamba Inde anali patsogolo. A Wendell anamva pa wailesi ali okha kukhitchini, nazimitsa, nakhala nthawi yaitali akuyang'ana mpando wopanda munthu uja. Lachitatu anakwera basi osayankhula ndi aliyense, akuwerenga m'mtima maulendo amene anatsala kufika Epulo. Lachisanu kusiyana kunachepa. Mlungu wotsatira, Lachitatu m'mawa, basi itaima pachipata, chitseko chinatseguka ndipo mayi Ramona anali akumwetulira mpaka m'makutu.

"Kwerani, bambo Sorvik. Amaliza kuwerenga. Ayi wapambana ndi mavoti makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu. Tsopano ndikhoza kuyankhula: mundipirira mpaka ndidzapume pa ntchito."

A Wendell anagwira chitsulo cha pakhomo, naima kaye pa sitepe. Mayi Pruitt anawombera m'manja kumbuyo.

"Musandilirire m'basi mwanga," anatero mayi Ramona, "ndakolopa m'mawa uno."

Tsikulo anawapeza a Arlene pawindo pomwe paja. Anakhala pambali pawo nati, "Tinawerenga, mayi. Tonse, chigwa chonse." A Arlene sanamvetse za chigwa, ngakhale za basi. Anangowayang'ana, nawakonza kolala, nati, "Mwabwera, a Wendell." Dzinalo linatuluka lonse, losathyoka.

A Merle sananene konse chimene anachonga. A Wendell atawafunsa, anayankha kuti, "Voti ndi chinsinsi, madala. Simunawerenge zimenezo m'kabuku kanu?" Ndipo a Wendell sanafunsenso, chifukwa chimene anapempha chinali choti mnzawoyo awerenge, ndipo anawerenga.

Kasitika katsopano katafika papositi, a Wendell anapita pansi pa mkungudza, napukuta nambala ya pikapu ndi mkono wa jekete, nakamata mosamala. A Merle, amene ankatsitsa nkhuni, anapukusa mutu.

"Mukulipirirabe nyumba ya agologolo?"

"Galimotoyi sidzayendanso, ndavomera," anatero a Wendell, ndipo aka kanali koyamba kunena mawuwo mokweza. "Koma kasitika aka kamayenda. Kamandifikitsa ku Port Marlow katatu pa mlungu."

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta. Funso la pa chikalata chovotera limakhala lalifupi, koma zotsatira zake zimakhala zazitali. Nzika ili ndi ufulu wonse wochepetsa msonkho kapena kuusunga, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala ndi zifukwa zake. Koma musanachonge, dziwani kumene ndalamazo zimapita, chimene chidzaime zikachoka, ndi amene adzatsale panjira, pakuti mwina munthuyo ndi mnansi wanu, mwinanso ndinu nomwe. Werengani zimene a zisankho atumiza, mverani mbali zonse, funsani pamene simukumvetsa, ndipo mukatero chongani momwe mtima wanu wakuuzirani. Monga ankanenera a Arlene Sorvik: sitichonga tisanawerenge.